Ndine namwino, ndikufuna kuyamba kubaya jakisoni wokongoletsa nkhope: kodi kosi ya masiku awiri ikwanira?

Funso la wowerenga: "Ndagwira unamwino m'wodi kwa zaka 4. Ndatopa ndi ntchito za usiku. Pa intaneti ndikuona makosi a masiku awiri ophunzitsa kubaya Botox ndi filler, ndipo akuti ukangomaliza umayamba kulandira makasitomala. Kubaya jakisoni ndimadziwa kale. Kodi kosi yoteroyo ingandikwanire kuti ndisinthe ntchito?"

Achemwali, kutopa kwanuko ndikukumvetsa, chifukwa nanenso ndinachokera m'wodi ndisanayambe kubaya nkhope za anthu ndi kuphunzitsa anzanga. Ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo anamwino ambiri amaigwira mwaluso. Koma pa funso lanulo yankho langa ndi ayi. Masiku awiri akhoza kukusonyezani kagwiridwe ka sirinji ndi malo asanu obaya pakati pa nsidze, zinthu zimene munthu wa manja ozolowera ngati anu amazitola m'mawa umodzi. Zimene sizingalowe m'masiku awiri ndi kudziwa chimene chili pansi pa khungu pomwe singano yaloza, kuzindikira msanga zinthu zikalakwika, ndi kukhala ndi mankhwala komanso mtima wozikonzera pompopompo. Ngati muwononge ndalama pa maphunziro, zipite kumeneko.

Mawu anu akuti "kubaya ndimadziwa kale" ndi amene andichititsa kulemba motalika. M'wodi mumabaya pathako, pantchafu kapena paphewa, m'mnofu waukulu woti mukaphonya pang'ono nthawi zambiri palibe chimachitika. Minofu ya kunkhope ndi yopyapyala, yopiringizana, ina yokokera m'mwamba ina yokokera pansi, ndipo mamilimita ochepa chabe amasiyanitsa nkhope yowala ndi chikope chogwa. Chinanso, wodwala wa m'wodi anabwera atadwala kale. Uyu akubwera ali bwinobwino, akuyenda yekha, akuseka. Chilichonse choipa chimene atuluke nacho chachokera m'manja mwanu.

Tiyambe ndi Botox, poti ndi amene ambiri amayambira. Ndi poizoni wopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, amene Emile van Ermengem wa ku Belgium anamupeza pofufuza za anthu amene anadwala, ena kumwalira, atadya nyama yowonongeka mu 1895. Woyamba kumusandutsa mankhwala anali dokotala wa maso wa ku San Francisco, Alan Scott, amene m'zaka za m'ma 1970 ankafuna njira yowongolera maso osayang'ana mbali imodzi popanda opaleshoni. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa pa matenda a maso mu 1989. Za makwinya zinatulukira m'njira: Jean Carruthers, dokotala wa maso ku Vancouver, anaona kuti amene ankawabaya chifukwa cha kuphethiraphethira kosalekeza ankasalala pakati pa nsidze, ndipo iye ndi amuna ake Alastair, dokotala wa khungu, anasindikiza zimene anapeza mu 1992. FDA inadzavomereza Botox pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002. Mbiriyi ndimaikamba kwa ophunzira anga onse kuti akumbukire kuti chimene agwira m'manja ndi mankhwala amphamvu, obadwira m'chipatala.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Amatseka minyewa kuti isatulutse acetylcholine, kemikolo yonyamula uthenga kupita ku mnofu, ndiye uthenga woti mnofu ukokeke sufika. Zotsatira zimayamba kuoneka pakapita masiku angapo, zimakhazikika pakatha milungu iwiri, n'kutha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Palibe jakisoni womuchotsa akalowa. Mukabaya pafupi kwambiri ndi fupa la pamwamba pa diso, mankhwala n'kuyenderera mpaka ku kamnofu kokweza chikope, munthuyo akhala ndi diso lotsinzina mbali imodzi kwa milungu ingapo. Madontho a m'maso a apraclonidine amakwezako chikope pang'ono, koma kwenikweni n'kudikira basi, inu ndi iye.

Pali cholakwika china chimene ongoyamba kumene amachita kawirikawiri. Mnofu wa pachipumi ndi wokhawo umene umakweza nsidze. Anthu ena, makamaka achikulire, zikope zawo zinalemera kalekale, ndipo amakweza nsidze tsiku lonse osadziwa n'komwe, kuti aziona bwino. Makwinya a pachipumi amene akufuna muwachotsewo ndi chizindikiro cha ntchito imeneyo. Mukaufooketsa mnofuwo chipumi chisalaladi, koma nsidze zitsika, munthu n'kumaoneka wotopa ndi wokwiya. Izi simungazione pa chithunzi cha madontho obaya chimene amapereka ku kosi. Mumaziona pomuuza munthu kuti atseke maso, amasuke, atsegule, inu mukuyang'anitsitsa chimene chipumi chikuchita. Ndiye palinso nkhani ya mayuniti. Pakati pa nsidze mlingo wa Botox wovomerezeka ndi mayuniti 20, pomwe wa Dysport, mankhwala a mtundu womwewo a kampani ina, pa malo omwewo ndi 50. Yuniti ya kampani ina si yofanana ndi ya inzake, ndipo wosokoneza zimenezi amavulaza munthu.

Komabe Botox akalakwika, nthawi zambiri zimadzatha zokha. Filler ndiye amandisowetsa tulo.

Filler wofala kwambiri ndi wa hyaluronic acid, chinthu chimene thupi lili nacho kale. Karl Meyer ndi John Palmer anachipeza mu 1934 m'madzi a m'diso la ng'ombe. Opanga amachilimbitsa kuti chikhale ngati phala lamadzimadzi loonekera, lokhala miyezi yambiri pansi pa khungu, ndipo Restylane, mmodzi mwa odziwika, anavomerezedwa ku America mu 2003. Amadzaza masaya, milomo, chibwano ndi mizere yotsika kuchokera m'mbali mwa mphuno. Vuto lake ndi lakuti nkhope ndi yodzaza ndi mitsempha yotumiza magazi. Waukulu umakwera kudutsa pa fupa la nsagwada, n'kudzera pafupi ndi kona ya pakamwa, m'mbali mwa mphuno, mpaka pa kona ya diso, ndipo kumeneko umalumikizana ndi nthambi za mtsempha wodyetsa diso lenilenilo. Njira yake siifanana mwa anthu onse, ngakhale mbali ziwiri za nkhope imodzi zimatha kusiyana. Nsonga ya singano ikalowa mu mtsempha inu n'kukankha, filler amatseka magazi ndipo khungu la kutsogolo limayamba kufa. Choopsa koposa, mphamvu ya chala chanu ikhoza kukankhira filler chobwerera, motsutsana ndi magazi, ndiye mukangosiya kukankha magazi amamutengera m'diso. Munthu amachita khungu nthawi yomweyo, ndipo n'kawirikawiri kuti kuona sikubwereranso. Mu 2015 Katie Beleznay ndi anzake anasonkhanitsa nkhani 98 zofalitsidwa za anthu amene maso awo anawonongeka motere, ndipo malo amene anatsogola anali pakati pa nsidze ndi pamphuno.

Ine zinandigwera m'chaka changa chachiwiri. Anali mayi a zaka za m'ma 40, ndinkawadzaza mzere wa m'mbali mwa mphuno kumanzere. Ndinali nditangokankha pang'ono pamene ndinaona kuti phiko la mphuno lasintha mtundu, lachita mbuu ngati lathiridwa phulusa. Iwo anali chete, osamva kupweteka, chifukwa filler wambiri amabwera ndi lidocaine wochititsa dzanzi. Ndinadina pamalopo ndi chala, n'kuchotsa, n'kuyamba kuwerenga. Magazi amayenera kubwerera pasanathe masekondi awiri. Ndinafika pa asanu, pali zii. Ndinadina mbali inayo, magazi anabwerera nthawi yomweyo. Mtima unagunda, manja anachita thukuta m'magolovesi, koma miyendo inadziwa kopita chifukwa bokosi la mankhwala a ngozi linali pamalo ake. Ndinawauza mayiwo mosabisa kuti mtsempha watsekeka ndipo ndisungunula zonse zimene ndabaya. Ndinakonza hyaluronidase, mankhwala osungunula filler wa hyaluronic acid, n'kubaya dera lonse limene linasintha mtundu, kuyambira pamlomo wa m'mwamba mpaka m'mbali mwa mphuno, kenako kutikita ndi kufunditsa. Dokotala amene ankandiyang'anira anali pa foni mphindi zomwezo, ndipo posakhalitsa anafika. Tinabwereza patatha pafupifupi ola. Ulendo wachitatu ndi pamene khungu linayamba kubwerera mwakale. Anapita kwawo kutada, ndinawaonanso m'mawa mwake ndi masiku otsatira, ndipo sanatsale ndi chipsera.

Ndikanati ndinalibe hyaluronidase, kapena ndikanadzinamiza kuti ndi kutupa wamba, akanapita kunyumba. Khungu likanachita mawangamawanga, pakapita masiku angapo matuza, kenako chilonda chakuda pakati pa nkhope. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa vuto ili maola ndi amene amalamula. Ndiwonjezere chinthu chimene mabuku ambiri sachinena mokwanira: zithunzi zophunzitsira zambiri ndi za anthu a khungu loyera, pomwe kutuwa kumaonekera patali. Pa khungu lakuda kumabisala. Muyenera kuwala kokwanira, kufananiza mbali ziwiri, kuyang'ana m'kati mwa mlomo, ndi kukhulupirira chala chanu. Mphunzitsi amene sanabayepo anthu a khungu lakuda sangakuphunzitseni zimenezi, ngakhale za mabala akuda otsala pobaya, kapena za anthu amene zipsera zawo zimatukuka.

Musanyengedwe ndi mawu akuti mukakoka sirinji osaona magazi ndiye kuti muli pabwino. Filler ndi wolimba, singano ndi yopyapyala, ndipo magazi akhoza osabwera ngakhale nsonga ili m'kati mwa mtsempha. Kanula, singano yobuntha kunsonga ija, imachepetsa ngozi koma siithetsa. Chimene chimateteza ndi kudziwa kuya kwa malo amene muli, kukankha pang'onopang'ono, kubaya tochepatochepa, ndi maso osachoka pakhungu.

Tsono posankha kosi, yambani ndi kufunsa za tsiku loipa. Afunseni kuti pa maola onse a maphunziro, angati ndi a kutsekeka kwa mitsempha, ndipo kodi mudzasungunula hyaluronidase ndi manja anu kapena mudzangomuona pa chithunzi. Afunseni ngati kapangidwe ka nkhope amaphunzitsira pa matupi enieni operekedwa ku maphunziro, chifukwa amene anaonapo ndi maso mtsempha ukudutsa pafupi ndi khungu la pamphuno sabayanso mwachibwana. Afunseni kuti inuyo panokha mudzabaya anthu angati mphunzitsi ataima pambali panu. M'makosi ena ophunzira khumi amagawana nkhope imodzi, aliyense kadontho kake, kenako chithunzi ndi satifiketi. Ndipo funso limene limawasiyanitsa kwambiri ndi ili: ndikamaliza, zinthu zikandivuta Loweruka madzulo, ndiimbira ndani? Akayamba kukamba za ndalama zimene mudzapange m'malo moyankha, dziwani kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku England vutoli analiona kale. Lipoti la Sir Bruce Keogh la mu 2013 linanena kuti munthu wobayitsa zokongoletsa zopanda opaleshoni analibe chitetezo choposa cha munthu wogula bolopeni kapena mswachi. Pambuyo pake bungwe la Health Education England linalimbikitsa kuti maphunziro a majakisoniwa akhale pa mlingo wa Level 7, wofanana ndi wa digiri yachiwiri, wokhala ndi kuonerera ndi kubaya kangapo moyang'aniridwa. Ameneyo ndi muyeso wabwino woyezera kosi iliyonse, kulikonse kumene muli.

Satifiketi ya kosi si chilolezo. Chilolezo chanu ndi cha unamwino, ndipo bungwe limene linakupatsani ndi limene lingakulandeni. M'mayiko ambiri Botox ndi hyaluronidase ndi mankhwala ofunika kulemberedwa ndi munthu wovomerezeka. Ku UK filler wa hyaluronic acid amawerengedwa ngati chipangizo, ndiye n'zotheka munthu kukhala ndi filler m'manja koma osakhala ndi mphamvu yopezera mankhwala omusungunula. Namwino wa kumeneko amafunika maphunziro a V300 kuti azilembera yekha mankhwala, apo ayi amagwira ndi wolembera wina, ndipo kuyambira pa 1 June 2025 bungwe la NMC, loyang'anira anamwino kumeneko, likufuna kuti namwino wolembera mankhwala okongoletsa aonane ndi munthuyo pamasom'pamaso. Ku England komweko, kuyambira mu October 2021 ndi mlandu kubaya Botox kapena filler wokongoletsa kwa munthu wosakwana zaka 18. Ku America malamulo amasiyana m'boma lililonse. Choncho musanalipire kalikonse, lemberani bungwe loyang'anira anamwino m'dziko lanu, muwafunse ngati namwino wa mlingo wanu amaloledwa kubaya zimenezi, pansi pa ndani, komanso m'malo otani. Yankho likhale lolembedwa. Safunsa anadya phula. Fufuzaninso inshulansi yoteteza ntchito yanu, chifukwa ya kuchipatala kumene muli siikutsatirani kunja.

Mankhwala muzigula kwa ogulitsa ovomerezeka okha. Mudzalandira mauthenga pa WhatsApp ndi Instagram a Botox wotchipa, timabotolo tooneka ngati teniteni. Mu 2024 bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku America, linalengeza za anthu amene anagonekedwa m'chipatala, ena akuvutika kumeza ndi kupuma, atabayidwa Botox wachinyengo kapena ndi anthu opanda chilolezo. Ngakhale weniweni ali ndi chenjezo lalikulu limene FDA inalamula mu 2009, lakuti poizoniyu akhoza kufalikira kutali ndi pamene wabayidwa. Botox amasungidwa mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo nambala ya botolo lililonse izilembedwa m'faelo ya munthu amene mwamubaya. Uku ndi kusamala kumene mukukudziwa kale kuchokera m'wodi, musakusiye pakhomo.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali kuphunzira ndi kukana. Zina n'zosavuta: woyembekezera, woyamwitsa, wodwala myasthenia gravis (matenda ofooketsa minofu), wokhala ndi chilonda kapena matuza pamalo obaya, amenewa simubaya. Wofuna silikoni kapena filler wosatha, kapena wofuna mumudzaze matako ndi mankhwala ochuluka, mubwezeni, chifukwa hyaluronidase amasungunula hyaluronic acid yekha, ndipo anthu afa ndi majakisoni a m'matako. Chovuta ndi mtsikana amene wakhala pampando n'kutulutsa foni, kukusonyezani chithunzi chake chomwe chosinthidwa ndi pulogalamu, mphuno yochepa, milomo yotukuka, n'kunena kuti "ndikufuna ndizioneka chonchi". Mukamufunsa mumapeza kuti wadutsa kwa obaya atatu ndipo onse sanamukhutiritse, kuti amatha maola pagalasi, kuti anasiya kupita kokumana ndi anzake chifukwa cha kachilema kamene inu simukukaona. Awa ndi matenda a maganizo otchedwa body dysmorphic disorder, ndipo jakisoni sawachiza. Amachoka kwa inu ali wosweka mtima kuposa mmene anabwerera. Amafunika kumumvetsera mofatsa ndi kumulozera kwa akatswiri a maganizo. Tsiku limenelo ndalama ili patebulo, lendi ikudikira, ndipo palibe akuonani. Ine munthu wokhala pampando wanga ndimamutchabe wodwala, osati kasitomala, kuti pakamwa panga pazindikumbutsa udindo wanga.

Za ndalama ndinene mwachidule. Zimene otsatsa makosi amawerengera ndi zolowa zokha. Sachotsapo mankhwala, inshulansi, malo, wolembera mankhwala, maphunziro opitiriza chaka ndi chaka, ndi mankhwala a ngozi amene mumagula n'kutaya akatha nthawi osagwiritsidwa ntchito. Anthu amabwera pang'onopang'ono, wina kuuza mnzake, ndipo chimene chimamanga ntchito ndi aja obwereranso pakatha miyezi inayi chifukwa munawasamala. M'makiliniki ena amalipira potengera kuchuluka kwa masirinji amene mwagulitsa. Muziwasamala amenewo, chifukwa amakukankhirani kubaya nkhope zosafunika kubaya. Za usiku nazo musadzinamize kuti zatha: wobayidwa masana akaimba 11 koloko usiku kuti mlomo ukupweteka ndipo wasintha mtundu, mudzuka ndi kukatsegula chitseko.

Zaka 4 zanu za m'wodi ndi chuma. Mukudziwa nkhope ya munthu amene akuyamba kukomoka, mukudziwa kuti thupi likakana mankhwala mwadzidzidzi adrenaline wa 0.5 mg amabayidwa pantchafu osazengereza, mukudziwa kusamba m'manja ndi kulemba faelo. Ambiri olowa ntchitoyi alibe zimenezo. Choncho musasiye ntchito mwezi uno. Chepetsani masiku ngati n'kotheka, pezani kiliniki ya dokotala wa khungu kapena namwino wokhwima pa ntchitoyi, mupemphe kuonerera ngakhale osalipidwa, mukhale pakona muziona mmene amafunsira mafunso ndi mmene amakanira. Mukayamba kubaya, yambani ndi Botox wa kumtunda kwa nkhope, wina ataima pambali panu, ndipo aliyense muzimuonanso pakatha milungu iwiri kuti muphunzire pa zimene manja anu achita. Filler abwere pambuyo, tsiku limene hyaluronidase wokwanira kubwereza kangapo ali m'kabati ndipo nambala ya dokotala wa maso wapafupi yamatidwa pakhoma. Mphuno ndi kunsi kwa maso zisiyeni kwa zaka. Pakati pa nsidze, ine mpaka lero sindiikapo filler, ngakhale wodwala atapempha chotani.